0.146: Nambala ya ku Croatia yomwe imakhudza magazi a khanda

Lachitatu lina masana, a Fomu 4 atayamba kale kuwodzera ndi kutentha, ndinalemba nambala imodzi pabolodi: 0.146. Ndinawauza kuti nambalayi yachokera ku Croatia, ndiye aliyense alote kuti ikuyimira chiyani. Anyamata akumbuyo aja tulo tinabalalika nthawi yomweyo. Wina anati ndi zigoli zomwe Luka Modrić amamwetsa pa gemu iliyonse. Wina anati ndi mwayi womwe Croatia inali nawo mu fainolo ya World Cup ya 2018 ija, yomwe France inawakwapula 4-2 ku Moscow. Tinaseka, koma palibe amene anayandikira n'komwe.

Nambalayi ndi ya magazi. Imachokera mu kafukufuku wa akatswiri a ku Zagreb, likulu la Croatia, yemwe anatuluka mu 2010 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Transfusion Medicine. Ine ndine mphunzitsi wa Physics, si dokotala ayi, ndipo chomwe chinandikokera ku nkhaniyi ndi masamu ake. Ukatenga 0.146 n'kuchulukitsa kangapo basi, umafika pa funso lolemera: pa ana obadwa m'dzikolo chaka chimodzi, ndi angati amene angabadwe magazi awo akukanika kuundana chifukwa chitetezo cha m'thupi mwa mayi awo omwe chinawaukira asanabadwe?

Tiyambe ndi chala chanu

Mukadzicheka ndi lezala posongola pensulo, magazi amatuluka pang'ono kenako n'kusiya okha. Oyamba kufika pabalapo ndi mapulateleti. Si maselo athunthu, ndi tizidutswa tomwe timathothoka ku maselo akuluakulu okhala m'mafuta a m'mafupa. Kamodzi n'kotalika mamayikulomita awiri kapena atatu, kutanthauza kuti mutatindandalika 400 mwina timangokwana milimita imodzi ya pa rula yanu. Timamatirira pomwe mtsempha wang'ambika, timaitana anzake, timagwirana mpaka bowo litatsekeka. Giulio Bizzozero wa ku Italy ndi amene anafotokoza bwino ntchito yake mu 1882.

Munthu wabwinobwino amakhala ndi mapulateleti pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho ka mayikulolita imodzi, komwe ndi kabokosi ka milimita imodzi mbali zonse. Kalikonse kamakhala masiku 7 mpaka 10 basi, ndiye thupi limapanga pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse. Akachepa kutsika pa 150,000, madokotala amati munthuyo ali ndi thrombocytopenia. Dzinalo lisakuopseni, tanthauzo lake n'kuchepa kwa mapulateleti, palibenso china. Akatsika pa 50,000 mwa khanda, ndiye zinthu zafika poipa.

Pakhungu la pulateleti iliyonse pali mapuloteni omwe amagwira ntchito ngati manja ogwiranira. Mapuloteni amenewa sali chimodzimodzi mwa anthu onse. Monga momwe maselo ofiira alili ndi magulu A, B, AB ndi O omwe mumawadziwa kale, mapulateleti nawonso ali ndi zizindikiro zawo. Zimatchedwa HPA, ndipo zili ndi manambala: HPA-1, HPA-2, HPA-3 mpaka kutsogolo. Chizindikiro chachikulu chilichonse chimabwera mitundu iwiri, a ndi b. Mumalandira umodzi kwa mayi, umodzi kwa bambo, ndiye mutha kukhala aa, ab kapena bb.

Kusiyana kwa HPA-1a ndi HPA-1b n'kochepa mochititsa manyazi. Mu DNA ya munthu muli zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo apa chasintha n'chimodzi chokha: pomwe wina ali ndi T, mnzake ali ndi C. Zotsatira zake, pamalo a nambala 33 mu puloteniyo pamakhala proline m'malo mwa leucine. Zimenezi zinadziwika mu 1989, patatha zaka 30 chizindikirocho chitapezeka koyamba ku Amsterdam mu 1959. Munthu wa aa ndi wa bb onse ndi athanzi, magazi awo amaundana bwinobwino, ndipo ambiri amakalamba osadziwa kuti ali gulu liti. Vuto limabwera pokhapokha magazi a anthu awiri osiyana akakumana: poikidwa magazi, kapena pa pathupi.

Zomwe anapeza ku Zagreb

Akatswiri aja anayeza DNA ya anthu 219 a ku Croatia. Popeza aliyense ali ndi makope awiri a jini, anawerenga makope 438 pa chizindikiro chilichonse. Pa HPA-1 anapeza kuti 0.854 ndi a, ndipo 0.146 ndi b. Nayo nambala yathu ija. Pa HPA-2 b inali 0.110, pa HPA-3 inali 0.425, pa HPA-5 inali 0.105. Ananenanso kuti ziwerengerozi n'zofanana kwambiri ndi za mayiko ambiri a ku Ulaya.

Chenjerani apa, chifukwa theka la kalasi langa linagwa pomwepa. 0.146 sikutanthauza kuti anthu 14.6 pa 100 alionse ndi a bb. Ikuwerenga makope a jini, osati anthu. Kuti munthu akhale bb, ayenera kulandira b kwa mayi, n'kulandiranso b kwa bambo. Zinthu ziwiri zosadalirana zikafunika kuchitika zonse, timachulukitsa mwayi wake, monga mukaponya makobidi awiri kufuna kuti onse agwe mutu: theka kuchulukitsa ndi theka. Ndiye 0.146 kuchulukitsa ndi 0.146 ikutipatsa 0.021. Anthu awiri pa 100 alionse, kapena mmodzi pa 47. A aa ndi 0.854 kuchulukitsa ndi 0.854, yomwe ndi 0.729, ndipo otsalawo, pafupifupi munthu mmodzi pa anayi, ndi a ab.

Kawerengedwe kameneka kali ndi dzina, lamulo la Hardy ndi Weinberg, la mu 1908. G. H. Hardy anali katswiri wa masamu ku Cambridge, pomwe Wilhelm Weinberg anali dokotala ku Stuttgart yemwe ankathandizanso amayi pobereka. Sanagwirire limodzi ntchito, aliyense anatulukira payekha chaka chomwecho. Ndimakonda kuwauza ana asukulu amene amati "ine ndikufuna unamwino, masamu alibe ntchito" kuti aganizire za Weinberg ameneyu.

Pomwe chitetezo chimasokonezeka

Tsopano tengani mayi wa bb, mmodzi mwa awiri pa 100 aja. Thupi lake silinaonepo HPA-1a chibadwire. Mwamuna wake, mwachidziwikire, ali ndi a, chifukwa anthu 98 pa 100 alionse ali nayo. Mwana akatengera a kwa bambo, amakhala ab, ndipo mapulateleti ake amanyamula chizindikiro chomwe kwa mayi ake n'chachilendo. Puloteni yomweyo imapezekanso pamaselo a nsengwa omwe amakhudzana ndi magazi a mayi. Chitetezo cha mayi chikachiona, chimatha kuchitenga ngati kachilombo kolowerera n'kupanga ma antibodi olimbana nacho.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira yomwe ma antibodi amenewa amadutsira inapangidwira zabwino. Nsengwa ili ndi timapampu tomwe timanyamula dala ma antibodi a mtundu wa IgG kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, makamaka miyezi yomaliza. N'chifukwa chake mayi akabayitsa katemera wa kafumbata kusikelo, khanda limabadwa lotetezedwa. Koma timapampu timeneti sitisankha. Timanyamula IgG yolimbana ndi kafumbata, timanyamulanso IgG yolimbana ndi mapulateleti a mwanayo. Ma antibodiwo akamatirira pa mapulateleti, kapamba wa mwana amawachotsa m'magazi ngati zinyalala. Mayi ali bwinobwino, mapulateleti ake ali okwanira, sakumva chilichonse. Matendawa madokotala amawafupikitsa kuti FNAIT.

Amene munaphunzira za Rhesus mu Biology mukuti, "Aa, izi tikuzidziwa." Zikufananadi, koma pali kusiyana kumodzi koopsa. Pa Rhesus mwana woyamba nthawi zambiri amapulumuka, vuto limayamba pa mimba yachiwiri, ndipo pali jakisoni wa anti-D woteteza. Pa mapulateleti mwana woyamba yemweyo amatha kukhudzidwa, ndipo zimachitika kawirikawiri. Banja silikhala ndi chenjezo lililonse.

Ndinene pano ndisanaiwale: pamenepa palibe wolakwa. Si kuti mayi anadya chosayenera, si kuti bambo anayenda njira zokhota, si tsempho. Ndi T ndi C basi.

Tibwerere ku masamu. Mwayi woti mayi akhale bb ndi 0.021. Mwayi woti bambo apereke a ndi 0.854. Kuchulukitsa ziwirizi kukutipatsa 0.018. Croatia ili ndi anthu osakwana 4 miliyoni, ndipo mu 2023 kunabadwa ana pafupifupi 32,000. Ndiye mimba pafupifupi 580 pachaka zili ndi kusagwirizana kumeneku pa HPA-1.

Mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja: "Sir, ndiye ana 580 chaka chilichonse amadwala?" Ayi, mwamwayi. Amayi ambiri a bb sapanga ma antibodiwo n'komwe. Umboni wamphamvu pa izi unachokera ku Norway, komwe anayeza amayi oyembekezera 100,448 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Anapeza kuti 2.1 pa 100 alionse analibe HPA-1a. Taonani nambala imeneyo, ndi yomwe ija tinaipeza ndi choko pabolodi kuchokera kwa anthu 219 a ku Croatia! Pa amayi amenewo, 10.6 pa 100 okha ndi omwe anali ndi ma antibodi. Chomwe chimasiyanitsa kwambiri ndi jini ina ya chitetezo yotchedwa HLA-DRB3*01:01. Ntchito ya mapuloteni a HLA ndi kugwira kachidutswa ka chinthu chachilendo n'kukaonetsa kwa maselo a chitetezo, ndipo mtundu umenewu umagwira bwino kachidutswa kokhala ndi leucine kaja. Mayi amene alibe jini imeneyi, chitetezo chake nthawi zambiri chimangodutsa osazindikira kanthu. Kenako, pa ana 161 okhala ndi HPA-1a omwe amayi awo anali ndi ma antibodi ndipo ankatsatiridwa mwapadera, 55 anabadwa mapulateleti ali pansi pa 50,000. Mmodzi pa atatu.

Tikabwereka magawo a ku Norway n'kuwaika pa Croatia, 580 ija imatsika kufika pafupifupi 60, ndipo 60 imatsika kufika pafupifupi 20. Awa ndi masamu anga a pabolodi, si kaundula wa chipatala cha ku Zagreb, ndipo musakawalembe pa mayeso ngati chiwerengero cha boma. Koma akugwirizana ndi zomwe mabuku a zachipatala amanena, zoti kwa anthu a ku Ulaya matendawa amakhudza mwana mmodzi pa 1,000 kapena 2,000 obadwa. Ana 20 pa dziko lonse akuoneka ochepa mpaka utaganiza kuti aliyense ali ndi mayi yemwe wamudikira miyezi 9.

Pali chinthu china chomwe chinandizunguza mutu usiku wina ndikukonza phunziroli. Ndinachita masamu omwewo pa HPA-3, komwe a ndi 0.575 ndipo b ndi 0.425. Mayi wa aa wonyamula mwana wokhala ndi b, kuphatikiza mayi wa bb wonyamula mwana wokhala ndi a, zonse pamodzi zikukwana 0.24. Mimba imodzi pa zinayi zilizonse! Pa HPA-5, mayi wa aa ndi mwana wokhala ndi b ndi 0.08, kuposa HPA-1 kanayi. Ndikanangodalira masamu, ndikanalumbira kuti HPA-3 ndiye chilombo chachikulu. Koma m'zipatala za ku Ulaya, pa ana anayi alionse otsimikizika kuti ali ndi matendawa, atatu kapena kuposa ndi a HPA-1a. HPA-5b imabwera pachiwiri, kutali, ndipo nthawi zambiri siifika poopsa kwambiri. HPA-3 imapezeka mwa apo ndi apo. Kuchuluka kwa kusagwirizana ndi nkhani ina, mphamvu yomwe chizindikirocho chili nayo yodzutsa chitetezo ndi nkhani inanso. Fomula yanga inali yolondola, koma inkayankha theka la funso. Mu Physics timakumana nazo izi tikaiwala friction.

Khanda likabadwa

Nthawi zambiri mwanayo amabadwa pa nthawi yake, wonenepa bwino, akulira mwamphamvu. Pakangopita maola ochepa, mzamba amaona timadontho tofiira ngati tobayidwa ndi singano pakhungu, kapena mikwingwirima popanda chomwe chamugunda, kapena magazi osasiya pomwe wabayidwa jakisoni. Timadontho timeneti n'magazi otuluka m'timitsempha tating'ono pansi pa khungu, ndipo mukatidinikiza ndi galasi sitizimirira ngati zotupa zina. Akayeza magazi amapeza mapulateleti 20,000, mwina 10,000.

Choopsa chenicheni si pakhungu ayi, ndi mu ubongo. Pa ana omwe mapulateleti awo atsika kwambiri, mmodzi kapena awiri pa 10 alionse amatha kukha magazi m'mutu, ndipo kawirikawiri zimachitika asanabadwe. Ena amamwalira, ena amakula ndi ulumali. Apa Physics yathu imalowa m'chipatala. Mafunde a ultrasound, omwe amanjenjemera maulendo mamiliyoni angapo pa sekondi pomwe khutu lathu limalekera pa 20,000, sadutsa bwino pafupa. Koma khanda lili ndi liwombo, pomwe mafupa a mutu sanakumane. Dokotala amaika kachipangizo pa liwombopo, mafunde amalowa, amabwerera ngati mmene mawu amabwererera mukakuwa pafupi ndi phiri, ndipo makina amajambula chithunzi kuchokera pa nthawi yomwe atenga. Masamu a echo omwe mumadandaula nawo aja ndi omwewa.

Chithandizo chachangu n'kumuika mwanayo mapulateleti. Abwino koposa ndi ochokera kwa munthu amene alibe HPA-1a, chifukwa ma antibodi a mayi sawaona. Ngati palibe, madokotala sadikira, amaika omwe alipo ngakhale sakhalitsa m'thupi. Nthawi zina amatenga a mayi ake enieniwo, n'kuwatsuka kuti achotse madzi a magazi omwe muli ma antibodi. Amathanso kumupatsa mwanayo IVIG, yomwe ndi ma antibodi osakaniza ochokera kwa anthu masauzande opereka magazi.

Mbali yomwe imandisangalatsa ndi iyi: mchombo ukangodulidwa, gwero la ma antibodi latsekeka. Mwana sapanga ake olimbana ndi mapulateleti ake. Otsalawo amayamba kutha, ndipo IgG ili ndi half-life ya masiku pafupifupi 21. Inde, half-life yomwe ija ya mu Nuclear Physics. Pakatha masiku 21 kwatsala theka, pakatha 42 kwatsala kota, pakatha 63 kwatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Mafupa a mwana akupitiriza kupanga mapulateleti atsopano, ndiye ana ambiri chiwerengero chimakwera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ena mochedwerapo. Amene ubongo wake sunakhudzidwe amakula ngati mwana wina aliyense, matendawa sabwereranso kwa iye.

Kwa mayi ndiye nkhani siinathe. Chitetezo sichiiwala. Pa mimba yotsatira amayeza bambo. Ngati ali aa, mwana aliyense adzakhala ndi a. Ngati ali ab, ndi mutu kapena mchira, theka ndi theka. Mimba ikakhala pachiopsezo, mayi amalandira IVIG pa diripi sabata iliyonse kwa miyezi ingapo mpaka kubereka, ndipo njira imeneyi yachepetsa kwambiri kukha magazi mu ubongo. Ndi mankhwala odula, komanso kugona padiripi maola ambiri sabata ndi sabata si masewera.

Ndiye tebulo la manambala lija n'lantchito yanji?

Taganizirani kuti mukugwira ntchito ku Croatian Institute of Transfusion Medicine ku Zagreb, ndipo chipatala chaimba usiku kuti khanda likufunika mapulateleti. Mukufuna wopereka magazi amene alibe HPA-1a, alibenso HPA-5b, kuti mutseke zoyambitsa zikuluzikulu ziwiri zija zotsatira za labu zisanatuluke. Mwayi wake ndi 0.021 kuchulukitsa ndi 0.80, yomwe ndi 0.017. Muyenera kuyeza anthu pafupifupi 60 kuti mupeze mmodzi. Simungayambe kuyeza usiku umenewo. Ndipo simungangosunga mulu m'firiji, chifukwa mapulateleti safuna kuzizira. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pamakina owagwedeza pang'onopang'ono usana ndi usiku kuti mpweya uzilowa m'thumba, ndipo pakatha masiku 5, mwina 7, atha ntchito. Njira yodalirika ndi kukhala ndi mndandanda wa anthu oyezedwa kale omwe mungawaitane. Kuti mudziwe kuti muyeze anthu angati, ndalama zingati, muyenera kudziwa nambala ija, 0.146.

Nambala yomweyo imalowanso pa mkangano womwe ukadalipo ku Ulaya: kodi mayi aliyense woyembekezera aziyezedwa HPA-1? Mayiko ambiri sachita zimenezi. Otsutsa amati muyeza amayi 1,000, mupeza 21 a bb, muwadetsa nkhawa onsewo, pomwe awiri okha ndi amene apange ma antibodi. Ovomereza amati popanda kuyeza, chenjezo loyamba ndi mwana wovulala kale. Ine mtima wanga uli kwa ovomereza, koma ndikudziwa kuti n'kosavuta kulankhula choncho ukakhala kuti bajeti ya unduna wa zaumoyo siili m'manja mwako.

Monga mphunzitsi wa Physics sindingakusiyeni osafunsa funso lomwe ndimafunsa pa practical iliyonse: muyeso wanuwo ndi wodalirika bwanji? Anthu 219 si ambiri. Pa makope 438, a b anali pafupifupi 64, ndipo anthu a bb omwe tingawayembekezere pagulu lotere ndi asanu okha. Mutatenga anthu ena 219, simungapeze 0.146 ndendende. Masamu a statistics akusonyeza kuti nambala yeniyeni ikhoza kukhala paliponse pakati pa 0.11 ndi 0.18, ndipo mukachulukitsa iliyonse ndi iyo yokha, a bb akhoza kukhala 1.2 kapena 3.2 pa 100. Manambala atatu a pambuyo pa dontho aja amaoneka aulemu, koma lachitatulo musalikhulupirire kwambiri. Chomwe chimatilimbitsa mtima n'chakuti mayiko ena a ku Ulaya, ndi amayi 100,448 a ku Norway aja, akuloza malo amodzimodzi.

Ndipo tebulo la Croatia ndi la Croatia. Ku Japan ndi ku China HPA-1b ndi yosowa kwambiri, moti mayi wa bb n'ngovuta kumupeza, ndipo ku Japan chizindikiro china, HPA-4b, n'chomwe chimatchuka pa matendawa. Kafukufuku wa ku Benin, Cameroon ndi Congo anasonyeza kuti HPA-5b imapezeka kwambiri kumeneko kuposa ku Ulaya. Komanso khanda likabadwa ndi mapulateleti ochepa, kulikonse padziko, zoyambitsa zofala ndi zina, monga matenda a m'magazi obwera ndi mabakiteriya, kubadwa masiku asanakwane, kapena kubanika pobadwa. N'chifukwa chake timadontho tija tikaoneka pa khanda, kofunika n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayeze, osati kuyamba kulota dzina la matenda kunyumba. A Malawi Blood Transfusion Service akadzabweranso kusukulu kwanu, mudzawafunse kuti mapulateleti amawasunga bwanji, mudzaone ngati sadzatchula madigiri ndi masiku omwewa.

Ntchito ya kunyumba, kwa amene ali ndi kakyuleta pafupi. Tiyerekeze dziko lopeka komwe HPA-1b ndi 0.073, theka lenileni la ya ku Croatia, ndipo kumabadwa ana 32,000 pachaka chimodzimodzi. Pezani kuti anthu a bb ndi angati pa 1,000 alionse, kenako mimba zingati pachaka zili ndi mayi wa bb ndi mwana wa ab. Kalasi langa lonse linayankha msangamsanga kuti ndi theka la 580. Si theka. Tidzaonere limodzi Lachisanu.